ZA UMOYO M'BANJA: Tsiku Limene Azakhali Anga Anapezeka Kuti Ndi Anthu Atatu

Mwezi watha ndinalonjeza kuti tidzakambirana za malungo a ana pamene mvula yayandikira. Mundikhululukire, nkhani imeneyo iyambe yadikira, pakuti chimene ndinachiona pa chipatala china masabata apitawa sichikundipatsa mpata woganizira zina.

Ndinaperekeza azakhali anga, mlongo wawo wa bambo anga, amene tsopano ndi okalamba ndithu. Anali ndi bala pamwendo limene linayamba ngati kanthu kachabe atadzitema ndi khasu, koma pambuyo pake linatupa ndi kuyamba kutulutsa mafinya. Buku lawo la kuchipatala linali litadyedwa ndi chiswe, chotero tinagula latsopano pa chipata, lopanda ngakhale chilembo chimodzi. Titafika pa zenera polembetsera odwala, kalaliki, msungwana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, anafunsa mwaulemu nati, "Agogo, kodi munayamba mwabwerapo pa chipatala chino?" Azakhali anayankha osaphethira, "Iyayi mwananga, n'koyamba." Ine ndinadabwa, popeza ndinadziwa kuti anagonekedwapo m'chipatala chomwecho. Pambuyo pake anandinong'oneza kuti anaopa kukalipiridwa chifukwa chosasamala buku.

Msungwana uja sanatsutsane nawo. Anafunsa dzina, nalilemba pa galasi la kompyuta ndi chala chake. Anafunsanso mudzi, nyakwawa ndi mfumu yaikulu ya dera la kwathu. Kenaka anafunsa funso limene sindinaliyembekeze: "Agogo, musanakwatiwe munali kulembetsa dzina lanji? Nanga kumudzi amakuitanani bwanji?" Azakhali anatchula maina onsewo, akuseka. Iye analemba limodzi limodzi, ndipo atatha anandiitana kuti, "Bambo, tabwerani mudzaone." Pa galasipo panali amayi atatu a m'mudzi umodzi. Woyamba analembedwa ndi dzina la ubatizo pamodzi ndi dzina la bambo wawo. Wachiwiri analembedwa ndi dzina la malemu amuna awo. Wachitatu analembedwa ndi dzina la mfunda, lija loyamba ndi Na-, limene mudzi wonse umawadziwa nalo. Aliyense anali ndi nambala yake ndi zaka zake zakubadwa, ndipo onse atatuwo anali azakhali anga.

Chimene chinandiumitsa pakamwa chinali mu mbiri ya mayi woyambayo. Munalembedwa kuti zaka zingapo zapitazo anagonekedwa atatupa nkhope ndi kubanika, atangobayidwa jakisoni wa penisilini. Azakhali anakumbukira kuti anadwaladi kwambiri nthawi ija, koma dzina la mankhwala sanalidziwe, ndipo buku limene munalembedwa chenjezolo ndilo linapita ndi chiswe. Tsono taganizani: bala la mafinya ngati lawo kawirikawiri limachizidwa ndi mankhwala a mtundu wa penisilini womwewo. Akadalembedwa monga munthu wachinayi, watsopano, wopanda mbiri, dokotala akadafunsa ngati pali mankhwala amene amawawenga, iwo akadati palibe, ndipo ine sindifuna kuganiza zotsatira zake.

Makolo ambiri akukumbukira nthawi imene mbiri ya wodwala inali pa kakhadi kosungidwa m'kabati ya chipatala, ndipo kenaka m'buku limene wodwala amasunga yekha. Makina analowa m'zipatala za Malaŵi muno mu 2001, pamene Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab Health anaika makompyuta ogwira ndi chala pa galasi ku chigawo cha ana cha Lilongwe Central Hospital, chimene lero timachitcha Kamuzu Central Hospital. Nzeru yawo inali yapafupi koma yakuya. Wodwala akalembetsa koyamba, makina amampatsa nambala yake, nasindikiza kapepala komata kokhala ndi dzina, nambalayo ndi timizere takuda. Kapepalako kamamatidwa pa chikuto cha buku. Akabweranso, kalaliki amangowalitsa kanyali pa timizere tija ndipo mbiri yonse imatulukira, osafunsanso dzina. Njira imeneyi inafalikira ku zipatala zambiri, makamaka kumene amapereka mankhwala a ma ARV, amene boma linayamba kuwagawa kwaulere m'dziko lonse mu 2004. Koma mwaona pamene pali msampha: zonse zadalira buku. Buku likatayika, likanyowa, likaiwalika kunyumba, kalaliki ayenera kumfunafuna munthuyo ndi dzina, ndipo dzina la Mmalaŵi silikhala malo amodzi.

Tiyeni tidziyang'ane tokha. Mwana akabadwa satchulidwa dzina kufikira atatuluka m'chikuta, kotero chipatala chimamlemba kuti mwana wa mayi wakutiwakuti. Pobwera ku sikelo wabwera ndi dzina, ndipo akapanda kusamala amlembanso kachiwiri. Akula, alandira dzina la ubatizo, pamene la kunyumba likugwirabe ntchito. Msungwana akwatiwa natenga dzina la mwamuna wake; abereka, ndipo tsopano ndi amake a uje. Ndiye pali anyamata ndi asungwana aja amene anasintha dzina kapena kuchepetsa zaka kuti alembenso mayeso a Sitandade 8. Zimenezi tikuzidziwa tonse, tisanamizane, ndipo ena mwa iwo lero ali ndi maina awiri, la pa satifiketi ndi la ku chipatala. Onjezanipo kalembedwe. Ife L ndi R sitiwasiyanitsa polankhula, motero Flora amalembedwa Frola, ndipo Phiri atha kulembedwa Piri kapena Pili, malinga ndi khutu la wolembayo. Za tsiku lobadwa ndiye musanene. Okalamba ambiri amangodziwa kuti anabadwa itatha njala ya 1949, kapena nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kalaliki amayerekeza chaka, ndipo makina amadzaza okha tsiku, kawirikawiri 1 January kapena 1 July. N'chifukwa chake m'kaundula wa chipatala muli khamu la agogo obadwa tsiku limodzi.

Tisaganize kuti vutoli ndi la ife tokha chifukwa cha umphawi. Mu 2011 akuluakulu a zipatala za boma ku Harris County, kumene kuli mzinda wa Houston ku America, anaulula kuti m'kaundula wawo munali odwala 2,488 otchedwa Maria Garcia, ndipo mwa iwo 231 anafanananso tsiku lobadwa. Dziko limenelo linakhazikitsa lamulo mu 1996 lofuna kuti wodwala aliyense akhale ndi nambala imodzi m'dziko lonse, koma mu 1998 nyumba ya malamulo inaletsa kuti ndalama za boma zigwire ntchito imeneyo, poopa kuti zinsinsi za anthu zingaululike. Ku England anatenga njira ina. Kuyambira 1996 munthu aliyense ali ndi nambala ya manambala 10, ndipo lomalizalo limachokera pa masamu a asanu ndi anayi oyambawo, kotero kuti kalaliki akalakwitsa limodzi makina amakana. Kuyambira 2002 khanda limalandira nambala yake litangobadwa, lisanapatsidwe n'komwe dzina.

Nanga makina amadziwa bwanji kuti mbiri ziwiri ndi za munthu mmodzi? Kunena zoona, sadziwa. Amangokayikira, ndipo luso la kukayikira bwino lili ndi mbiri yake. Mu 1946 Halbert Dunn, mkulu wa ofesi yowerenga za kubadwa ndi imfa ku America, analemba kuti moyo wa munthu uli ngati buku limene masamba ake amwazikana m'maofesi osiyanasiyana, ndipo ntchito ndiyo kuwasonkhanitsa ndi kuwasoka pamodzi. Mu 1959 Howard Newcombe wa ku Canada anaonetsa kuti kompyuta itha kugwira ntchitoyi, pamene analumikiza makalata a kubadwa kwa ana ndi makalata a ukwati wa makolo awo m'chigawo cha British Columbia. Iye anazindikira chinthu chimene mayi aliyense wa kumudzi amachidziwa kale: kufanana pa dzina lofala sikunena zambiri, koma kufanana pa dzina losowa ndi umboni wamphamvu. Wina akakuuzani kuti wakumana ndi a Banda ku Lilongwe, simungadziwe kuti ndi ati. Koma akatchula dzina limene lili m'banja limodzi lokha m'boma lonse, mwamdziwa kale munthuyo. Chotero makina amapereka kulemera pa chinthu chilichonse. Dzina losowa likafanana limalemera kwambiri, lofala pang'ono. Tsiku lobadwa lenileni limalemera, koma 1 July woyerekeza uja salemera kanthu. Ndipo chinthu chikasiyana, monga wina kukhala mwamuna wina mkazi, kulemerako kumachotsedwa.

Mu 1969 akatswiri ena awiri a ku Canada komweko, Ivan Fellegi ndi Alan Sunter, anaika nzeru imeneyi m'masamu, ndipo njira yawo ndiyo maziko a mapulogalamu ambiri mpaka lero. Chimene ine ndimachikonda pa ntchito yawo n'chakuti sanagawe mayankho pawiri ayi, koma patatu. Pali mbiri zimene zafanana kwambiri kotero kuti ndi munthu mmodzi. Pali zimene zasiyana kwambiri kotero kuti ndi anthu awiri. Ndipo pakati pali mulu wachitatu umene makina sayenera kuweruza, koma kuupereka kwa munthu kuti auyang'ane ndi maso ake. Anthu a masamu anavomereza okha kuti masamu ali ndi polekezera.

Pa za kalembedwe paja pali chida chakale chotchedwa Soundex, chimene Robert Russell anachilembetsa ku America mu 1918. Chimasunga chilembo choyamba cha dzina ndi kusandutsa zina kukhala manambala monga mwa kamvekedwe kake, kuti maina omveka mofanana apezeke pamodzi. Koma chinapangidwira makutu a Chingerezi. Mwa njira imeneyi Phiri ndi Piri onse amakhala P600, zimene zili bwino, koma Pili amakhala P400, pakuti kwa iwo L ndi R ndi zilembo zotalikirana. Pamene Banda, Bande ndi Bandawe onse amaunjikidwa pa B530 ngati munthu mmodzi. Pulogalamu yochokera kunja ikangoikidwa m'chipatala cha kuno osaiphunzitsa makutu athu, idzalekanitsa amene ayenera kukhala pamodzi ndi kusonkhanitsa amene ayenera kulekana. Achinyamata amene mukuphunzira za makompyuta, ntchito ndi imeneyotu, ndipo mlendo sangaigwire bwino kuposa inu amene munayamwira chinenerochi.

Tibwerere pa zenera paja, pakuti nkhani sinathe. Kalaliki atapeza mbiri zitatu zija, makina anamuonetsanso yachinayi. Dzina la ubatizo linali lomwelo, dzina la bambo lomwelo, mudzi womwewo, tsiku lobadwa 1 July, chaka chosiyana ndi chimodzi chokha. Kunena mosabisa, mbiri imeneyi inafanana ndi yoyamba ija kuposa mmene ziwiri zinazo zinafananira nayo. Ine, ndi changu changa cha munthu wofuna kukwera basi ya masana, ndinati, "Ndi omwewa, phatikizani zonse tizipita." Msungwana uja anapukusa mutu. Anawerenga pang'ono, nafunsa, "Agogo, kodi mumalandira mankhwala a shuga mwezi ndi mwezi?" Azakhali anakana kwamtuwagalu. Anakhala chete kanthawi, kenaka anaomba m'manja: "Ameneyo ndi mng'ono wanga, mwana wa bambo aang'ono! Tonse anatitcha dzina la agogo athu aakazi." Abambo awo awiri, pachibale, anakwatira mudzi umodzi, ndipo asungwana awiriwo anakula ndi dzina limodzi, kumudzi amawasiyanitsa pongoti wamkulu ndi wamng'ono, koma zimenezo m'kompyuta mulibe.

Apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chachikulu pa tsikulo. Zolakwa zilipo za mitundu iwiri, ndipo sizilingana. Munthu mmodzi akakhala ndi mbiri ziwiri, dokotala amaona theka la choonadi. N'zoopsa, monga taonera, komabe zimene akuonazo n'zoona. Koma anthu awiri akaphatikizidwa mu mbiri imodzi, dokotala amaona bodza limene likuoneka ngati choonadi chathunthu. Azakhali akadasanduka odwala shuga, ndipo tsiku lina atafika ali chikomokere, wosatha kudzilankhulira, akadathandizidwa monga mwa matenda a mng'ono wawo. Gulu la magazi la wina likadakhala pa dzina la wina. Zotsatira za kuyezetsa magazi, zimene munthu anaziulula kwa namwino yekha, zikadawerengedwa pamaso pa mbale wake. Ndiponso kuphatikiza n'kwapafupi, koma kulekanitsa n'kovuta zedi: pakapita miyezi, odwala onse awiri akhala akubwera ndi kulembedwa pa nambala imodzi, ndipo wina ayenera kukhala pansi ndi kusankha mzere uliwonse kuti uwu ndi wa yani, monga munthu wosankha mchenga mu mpunga. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Msungwana uja anadekha pamene ine wa imvi ndinapupuluma.

Ngakhale mbiri zitatu zoona zija sanaziphatikize yekha. Anati mphamvu imeneyo ilibe aliyense wokhala pa zenera, koma mkulu wosunga kaundula, ndipo anatiperekeza ku ofesi yake. Bambo ameneyo anafunsanso mafunso ake: ana angati, wotsiriza anabadwa liti, anagonekedwa chaka chanji ndipo anadwala chiyani. Anayang'ana ngati pali zotsutsana, monga gulu la magazi losiyana, kapena munthu kupezeka m'zipinda ziwiri tsiku limodzi. Anayerekeza zonse ndi chiphaso cha unzika chimene azakhali anachimangirira pa nsonga ya chitenje. Atakhutira anasankha mbiri imodzi kuti ndiyo ikhale yeniyeni, nasamutsira mmenemo maulendo onse, mankhwala onse ndi zoyeza zonse za ziwiri zinazo. Anandifotokozera kuti manambala awiri otsalawo safafanizidwa. Amangopumitsidwa ndi kusiyidwa akuloza ku nambala yeniyeni, kuti tsiku lina buku lakale likapezeka pansi pa mphasa, kanyali kakawala pa timizere take, makina atsogolere ku mbiri yoyenera. Makina amasunganso dzina la amene anaphatikiza ndi tsiku lake, kuti cholakwa chikadzapezeka padzakhale poyambira. Pa mbiri ya mng'ono wawo uja anasiya chizindikiro chakuti awiriwa anayang'anidwa kale ndipo ndi anthu osiyana, kuti mnzake wa mawa asadzakodwe mumsampha womwewo.

Chiphaso cha unzika chathandizadi. Mu 2017 boma, kudzera ku National Registration Bureau, linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 ndi kuposera apo, ndipo kuyambira pamenepo munthu wamkulu ali ndi nambala imodzi ndi kalembedwe kamodzi ka dzina lake. Koma wodwala wobwera pa machira usiku sakumbukira chiphaso, ndipo ana ang'ono alibe. Kwa iwo chimene chilipo ndi kalata ya kubadwa, imene makolo ambiri sitiilabadira mpaka tsiku limene sukulu yaifuna. Makolo a mapasa muchenjere koposa, pakuti ana anuwo ali ndi mayi mmodzi, mudzi umodzi ndi tsiku limodzi lobadwa, ndipo ife timakonda kuwapatsa maina ofanana ngati nyimbo. Mabuku awo asasinthane. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linalangiza mu 2007 kuti wodwala azitsimikizidwa ndi zinthu zosachepera ziwiri, monga dzina ndi tsiku lobadwa, asanapatsidwe mankhwala kapena magazi, ndipo kuti nambala ya chipinda isawerengedwe ngati chimodzi mwa izo. Chotero namwino akakufunsani dzina kachitatu tsiku limodzi, musamuone ngati woiwala kapena wamwano.

Pali chizolowezi china chimene ndiyenera kuchidzudzula poyera, ndicho kubwereka buku. Mwana wadwala usiku, buku lake silikuoneka, ndipo mayi atenga la mkulu wake, poti onse ndi ana anga. Mlendo wadwala pakhomo, ndipo timpatsa buku la mwini nyumba kuti asavutike kugula. Timayesa chifundo, koma pamenepo taphatikiza anthu awiri ndi manja athu, ndipo palibe makina angathe kuzindikira, pakuti timizere takuda tija tanena kuti ndi yemweyo. Kulemera kwa mwana wina kwalembedwa pa mwana wina, ndipo mlingo wa mankhwala a ana umatsata kulemera.

Nkhani ina ndi yofuna kuilankhula mofatsa. Alipo abale athu olandira ma ARV amene akasamuka, kapena akaona kuti pa chipatala chawo pali wowadziwa, amapita ku chipatala china nakalembetsa ngati atsopano, nthawi zina ndi dzina lina. Manyazi awo ndikuwamvetsa, ndipo mlandu waukulu uli pa ife amene malilime athu sasunga chinsinsi. Komatu zotsatira zake n'zowawa. Ku chipatala choyamba amawerengedwa ngati osiya mankhwala, ndipo alangizi amataya masiku kuwafunafuna m'midzi. Ku chipatala chachiwiri sadziwa kuti munthuyu wamwa mankhwala zaka zingati, kuti ndi ati amene anamuwenga, kapena ndi ati amene analeka kugwira ntchito m'thupi mwake. Atha kumbwezera pa omwewo. Njira yoongoka ilipo, ndiyo kupempha kalata yosamukira, ndipo munthu sakakamizidwa kufotokoza zambiri za chifukwa chake.

Dokotala atawerenga mbiri yophatikizidwa ija anasankha mankhwala a mtundu wina, nalemba ndi zilembo zazikulu pa tsamba loyamba la buku latsopano kuti mayi awa asapatsidwe penisilini. Bala likuuma tsopano. Mkulu wa kaundula uja anafunsa azakhali kuti asankhe dzina limodzi lokhala pa kapepala komata. Anasankha limene lili pa chiphaso cha unzika, koma anamuuza kuti kumudzi adzakhalabe Na- yemwe uja, ndipo makina asayese kulowerera. Bukulo tsopano likukhala m'pepala la pulasitiki la shuga, pamodzi ndi chiphaso, lopachikidwa pa msomali pamene chiswe sichifika. Mng'ono wawo atamva nkhaniyi anaseka mpaka misozi, kenaka anapempha kuti pa tsiku lake lokalandira mankhwala ndidzamperekeze, akaone ndi maso ake kuti m'makinamo akadali yekha. Basi ya masana ija inatisiya; tinakwera ya madzulo. Za malungo tidzakambirana mwezi wamawa.